Tsiku limene ndinaledzera osamwa

Kanema wa Atchaina akalowa ku vidiyo sho ya kwathu ku Ndirande, mabenchi ankadzaza mpaka ena kukhala pansi. Zolankhula sitinkazimva, ndipo tinalibe nazo ntchito. Ife tinkadikira ndewu: munthu mmodzi atazingidwa ndi adani gulu, iwo n'kumabwera mmodzimmodzi mwaulemu ngati ali pamzere wa kuchigayo, chibakera chilichonse chikulira phu! phu! Phokoso limenelo ankachita kuikamo pambuyo pojambula, ku Hong Kong komweko, koma ife tinkalumbira kuti mkono wa katswiri umalira wokha.

Amene anandizunguza mutu ndi Jackie Chan mu Drunken Master, kanema wa 1978. Bruce Lee ankaopsa, nkhope yosaseka. Koma Jackie ankamenya akudzandira, kugwa chagada, kudzambatuka, zala atazipinda mogwira kapu yosaoneka. Ndinati izi ndiye zanga, poti kugwa ndinkakutha kale.

Loweruka masana ndinapita kuseri kwa nyumba kukayeserera. Ndadzandira, maso ndalefula, ndikuseka ndekha monga amachitira mwini wake. Osadziwa kuti agogo ali pamkeka pansi pa mtengo wa mango, akundiyang'ana.

"Make mwana, thamangani kuno! Mwanayu wayamba kachasu!"

Mayi anatulukira mthiko uli m'manja, malume ali pambuyo.

"Tabwera. Puma apa," anatero malume. Ananunkhiza kawiri, osamva kanthu.

"Malume, sindinamwe. Ndi kung fu."

"Chabwino, tionetse."

Apa ndikanangokhala chete. Koma anthu anali atayamba kusuzumira pampanda, ndipo katswiri sathawa bwalo. Ndinabwerera m'mbuyo, kukuwa, n'kuuluka mwendo uli kutsogolo. Anzathu a ku Hong Kong akamauluka amakhala atamangidwa mawaya m'chiuno, wina akukoka. Ine ondikoka panalibe. Kabudula wa sukulu anati ng'aa! ndipo ndinakatera m'beseni la mphale imene mayi anaviika masiku atatu apitawo.

Amene mumadziwa fungo la matsukwa mukumvetsa. Mayi a pafupi nafe anangolowa, kununkhiza, n'kugwira pakamwa: "Iii, amwali, ndiye wamwa wambiritu!" Mlandu unathera pomwepo. Pofika madzulo, mpaka kutchalitchi zinali zitamveka.

Patapita zaka ndinaona kuti kumapeto kwa makanema ake ambiri, Jackie Chan amaonetsa mmene ankagwera ndi kuvulala pojambula. Nthawi ina anagwa mumtengo ku Yugoslavia n'kusweka chibade. Mwini vidiyo sho wathu ankatulutsa tepi mayina akangoyamba kukwera, kuti alowetse anthu ena olipira.

Mphale ija ndinaitola ndekha m'dothi mpaka dzuwa kulowa, nditamanga chitenje cha agogo, malume ali pampando akufunsa aliyense wodutsa ngati akufuna kuphunzira nkhonya kwa mphwawo.