Shopu yathu ya zimkuzamawu ku Kapata ndi pulogalamu imene inatisungira nyimbo

Ntchito yathu ndi yobwereketsa zimkuzamawu. Timapita ndi masipika, jenereta ndi munthu woliza nyimbo ku maukwati, ku zinkhoswe, ku ma kitchen party, ku misonkhano ya mipingo, ndiponso ku maliro pamene abale akufuna kuti kwaya imveke mpaka kwa anthu amene akhala patali pansi pa mitengo. Shopu ili chakufupi ndi msika wa Kapata muno mu Chipata, kachipinda kamodzi kamene theka lake ndi mawaya okhaokha. Tinayamba awiri, ine ndi alamu anga amene anakwatira achemwali anga. Mpamba unachokera ku soya wa alamuwo. Iwo amadziwa za ma amplifaya ndi kuwotcherera mawaya, ine ndimakhala pa kompyuta.

Patapita nthawi tinawonjezerapo ntchito ina imene lero imatidyetsa m'miyezi ya dzinja, maukwati akachepa. Timajambula makwaya a mipingo, komanso timasamutsa nyimbo zawo zakale kuchoka pa makaseti kupita mu kompyuta. Amayi a kwaya amabwera ndi kaseti yomangidwa m'kansalu, imene inajambulidwa ena mwa oimbawo akadali atsikana, n'kutipempha kuti tiwaikire pa memori khadi. Nyimbo zathu zinachuluka choncho. Zina tinagula, zina anatipatsa eni ake, zina tinajambula tokha, mpaka zinafika zikwizikwi. Poyamba tinkanyadira kuchulukako. Kenako tinaona kuti tikutha nthawi yambiri pofunafuna nyimbo kuposa poiliza.

Mukanatsegula hadi disiki yathu masiku amenewo mukanapeza foda yotchedwa "New folder", m'kati mwake muli "New folder (2)", ndipo m'menemo muli mafayilo makumi angapo onse dzina lawo "Track 01", "Track 02". Nyimbo zotumizidwa pa WhatsApp zinali ndi mayina ake oyambira ndi AUD, kenako tsiku, kenako WA ndi manambala, osadziwika woimba kapena mutu. Nyimbo imodzi inkapezeka kanayi, kwina yomveka bwino, kwina yodukira pakati, kwina ya mawu otsika ngati munthu akuimbira m'chitini. Zinali ngati nkhokwe imene mwathiramo chimanga, mtedza ndi nyemba pamodzi. Chakudya chilimo, koma ndiwo za madzulo mupeza mawa.

Chimene anthu olemba za mapulogalamu pa intaneti sachiganizira n'chakuti makasitomala athu safunsa nyimbo potchula woimba kapena chimbale. Mayi amene akukonza kitchen party ya mwana wawo amafika pa shopu n'kunena kuti, "Achimwene, mundiikire zija amavina alangizi polowa, koma zisakhale zachibwana, apongozi adzakhalapo." Bambo wa ku Lundazi amati, "Kwathu kuja musatilizire za Chichewa zokhazokha, anthu adzakhala pansi." Mkulu wa mpingo amafuna nyimbo za chitonthozo zimene zilibe ng'oma yothamanga. Chigawo chathu chino chili ndi zinenero zambiri, Chichewa, Chinsenga cha ku Petauke, Chitumbuka cha ku Lundazi, Chikunda cha ku Mambwe, ndipo ukwati umodzi ukhoza kubweretsa banja la Chibemba kuchokera ku Copperbelt. Choncho ife tinkafuna pulogalamu imene ingatilole kusanja nyimbo potengera mwambo ndi chinenero, ndi kuzipeza msanga mkwati ataima kale pakhomo pa holo.

Tinayamba ndi Winamp, monga aliyense wa msinkhu wathu. Inatuluka mu 1997 ndipo m'ma intaneti kafe onse munali iyo. Poliza nyimbo ilibe vuto, ndipo alamu mpaka lero amaikonda chifukwa cha timizere take tovinavina. Koma kampani ya AOL italengeza mu 2013 kuti ikuisiya, inapita m'manja mwa ena ndipo kwa zaka zambiri sinkakonzedwanso kawirikawiri. VLC ndi ina imene sitingaichotse mu kompyuta. Fayilo imene mapulogalamu ena onse akana, VLC imaitsegula, kaya ndi ya vidiyo kaya ndi mawu ojambulidwa pa foni yachilendo. Koma si yosungira nyimbo zambiri. Imaliza chimene mwaipatsa, basi, zosanja muzionera nokha.

iTunes ya Apple ndi imene inatikhumudwitsa kwambiri pa ntchito yathuyi. Pa kompyuta yathu yakale inkatenga nthawi kuti itseguke, mafayilo a nyimbo a mtundu wa FLAC siiwawerenga, ndipo mukachonga kabokosi kena kamene kamaipatsa ufulu wosanja mafoda, imasuntha mafayilo n'kuwaika mmene ikufunira yokha. Chachikulu n'chakuti nyenyezi zimene mumapatsa nyimbo, ndi mindandanda yanu, imazisunga m'fayilo yakeyake ya laibulale, kaundula wake wa nyimbo zanu zonse, osati m'nyimbozo. Kompyuta ikafa kapena mukasamukira ku pulogalamu ina, ntchito imeneyo imatsalira komweko. MediaMonkey ndi yabwino, sindingainyoze, koma zina zimene tinkazifuna zili m'gawo lake lolipira lotchedwa Gold, ndipo nthawi imeneyo ife kulipira chinthu pa intaneti m'madola kunali nkhani yaitali.

Apa m'pamene ndinamvetsa bwino za ma tag, ndipo ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse. Fayilo ya MP3 ili ndi kamalo m'kati mwake kolembapo mutu wa nyimbo, woimba, chimbale, chaka, mtundu wa nyimbo ndi zina. Zolembedwazi zimatchedwa ID3, ndipo zimayenda ndi fayiloyo kulikonse kumene yapita, pa fulashi, pa foni, pa wailesi ya m'galimoto. Mtundu wakale, ID3v1, umalola zilembo 30 zokha pa mutu kapena pa dzina la woimba. Dzina la kwaya ya kwathu kuno, lokhala ndi dzina la mpingo, la mudzi ndi mawu akuti kwaya ya amayi, limadukira panjira. ID3v2 ilibe malire oterewa. Ili ndi mitundu yake, 2.3 ndi 2.4, ndipo ife tinasankha 2.3 chifukwa ndi imene mawailesi ambiri a m'magalimoto ndi makompyuta akale amaiwerenga popanda kuvuta. Kuchokera pamenepo funso langa pa pulogalamu iliyonse linali limodzi: kodi zimene ndalemba ikuzilemba m'fayilo momwemo, kapena ikuzisunga kwa iyo yokha?

MusicBee ndi imene inakhala pa kompyuta ya pa shopu. Ndi yaulere, anaipanga munthu mmodzi, Steven Mayall, ndipo imagwira pa Windows pokha. Ili ndi malo otchedwa Inbox kumene nyimbo zatsopano zimafikira zisanalowe mu laibulale. Kwa ife chimenechi ndi chamtengo wapatali, chifukwa palibe nyimbo imene imalowa isanamvedwe ndi kulembedwa dzina. Imatha kusintha mayina a mafayilo ndi kuwaika m'mafoda potsatira ndondomeko imene mwaiuza inuyo, imakuonetsani nyimbo zobwerezedwa kuti mufufute zosafunika, ndipo nyenyezi mukhoza kuiuza kuti izilemba m'fayilo momwemo. Koma chimene chinasintha ntchito yathu ndi mindandanda yodzipanga yokha. Mumangoiuza lamulo, mwachitsanzo nyimbo zonse zolembedwa Ukwati komanso Chitumbuka zimene zili ndi nyenyezi zinayi kapena zisanu, ndipo mndandanda umadzaza wokha. Mukawonjezera nyimbo ina mawa yokwanira lamulolo, imalowamo popanda kuigwira.

Malo olembapo mtundu wa nyimbo, amene pa pulogalamu amati Genre, ife tinawasandutsa a mwambo ndi chinenero. Nyimbo imodzi ikhoza kukhala ndi mawu angapo olekanitsidwa ndi kachizindikiro ka semicolon: Ukwati, Kulowa, Chinsenga. Ina: Maliro, Kwaya, Chichewa. Tili ndi Keke, Perekaniperekani, Kutuluka, Chimtali, Ingoma, Kalindula, Rhumba, Akuluakulu. Mawu akuti Akuluakulu timalemba pa nyimbo zimene mungalize apongozi ali pomwepo osagwetsa nkhope. MusicBee imalola munthu kupanga malo akeake atsopano olembapo, ndipo akanaoneka aukhondo kuposa kuunjika zonse pa Genre. Ndinakana dala. Malo a Genre pafupifupi pulogalamu iliyonse imawadziwa, pamene malo opanga nokha pulogalamu ina ikhoza kungowadumpha.

Kulemba zonsezi kunalibe njira yachidule. Pali pulogalamu yotchedwa MusicBrainz Picard imene imamvetsera nyimbo n'kuifananiza ndi zimene zili m'kaundula wake pa intaneti, kenako n'kulemba yokha mutu ndi woimba. Pa nyimbo za kunja ndi za oimba otchuka imathandiza ndithu. Koma kwaya ya ku Chadiza imene inajambula kaseti imodzi yokha siidziwa, ndipo nyimbo zotere ndi zimene zili zambiri kwa ife. Ntchitoyo inagwera mwana wa achemwali anga, mtsikana wa ku sekondale, pa nthawi ya tchuthi. Ankavala mahedifoni, n'kumvetsera pang'ono nyimbo iliyonse, n'kulemba ndi Mp3tag, pulogalamu imene imalola kusintha mafayilo ambiri nthawi imodzi. Akakakamira ankafuula kuti, "Amalume, iyi ndi ya maliro kapena ya pa Khrisimasi? Akuimba molira koma akutchula Betelehemu." Zina ifenso zinkatikanika, mpaka tinkadikira kuti mayi wina wa kwaya adutse pa shopu kuti atiuze. Tinagwirizananso kalembedwe kamodzi, popeza kuno ku Zambia mabuku a kusukulu amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch. Kompyuta imaona "cikondi" ndi "chikondi" ngati mawu awiri osiyana, ndiye pa shopu tinasankha kulemba ndi ch paliponse kuti wofufuza asaphonye.

Ku mwambo sitipita ndi MusicBee. Laputopu imene imayenda ndi masipika ndi yakale, ndipo m'menemo muli foobar2000, imene Peter Pawlowski anaitulutsa mu 2002. Maonekedwe ake ndi osasangalatsa, alamu atangoiona anati, "Alamu, ichi n'cholizira nyimbo kapena n'cholembera malisiti?" Koma ndi yopepuka, imatseguka nthawi yomweyo, ndipo mukalemba mawu awiri m'kabokosi kofufuzira, nyimbo zimatuluka musanamalize. Popeza zonse tinazilemba m'mafayilo, foobar2000 imawerenga zimene MusicBee inalemba popanda kuiphunzitsa chilichonse. Ilinso ndi chida cha ReplayGain chimene chimayeza kukwera kwa mawu a nyimbo iliyonse n'kulemba nambala mu tag, kuti poliza zonse zimveke mofanana. Amene analizapo nyimbo ya pa kaseti yotsika mawu, kenako n'kubwera ya masiku ano yogunda mpaka makanda kudzidzimuka, akudziwa phindu la chimenechi. Pa madansi a usiku achinyamata amene timawalemba ganyu amakonda VirtualDJ chifukwa cholumikiza nyimbo, ndipo sitiwaletsa, bola asasinthe ma tag.

Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Kompyuta ya pa shopu ikazimira pakati pa ntchito, fayilo ya laibulale ikhoza kuwonongeka. Zikatero ife timangouza pulogalamu kuti iwerengenso mafoda, ndipo zonse zimabwerera, mayina, miyambo, zinenero ndi nyenyezi zomwe. Hadi disiki yachiwiri yokhala ndi nyimbo zomwezo imagona kunyumba kwa alamu, ndipo timaibweretsa kumapeto kwa mwezi kudzawonjezera zatsopano.

Ena amatifunsa chifukwa chake tikuvutikabe ndi mafayilo pamene kuli zomvera nyimbo pa intaneti monga Boomplay, YouTube ndi Spotify, imene inafika kuno ku Zambia mu 2021. Apite akalize ukwati kumudzi wa kuseri kwa phiri, kumene netiweki imapezeka munthu akakwera pachulu. Komanso makwaya athu ambiri kumeneko kulibe.

Za ma memori khadi nazo zili ndi timisampha take. Makhadi oposa 32GB amabwera ali pa kasungidwe ka mafayilo kotchedwa exFAT, ndipo timasipika tambiri ta mumsika ndi mawailesi a m'maminibasi timangowerenga kasungidwe kakale kotchedwa FAT32. Kwaya ikabwera ndi khadi lalikulu n'kudandaula kuti silikulira, vuto limakhala pomwepo. Timawalangiza kugula la 8GB, pakuti nyimbo ya MP3 pa 128 kbps imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, ndipo khadi limenelo silingadzaze ndi nyimbo za kwaya imodzi. Zida zotsika mtengozi zambiri zimaliza nyimbo motsatira mmene zinalowera pa khadi, osati motsatira mayina, ndiye timakopera imodziimodzi mwa dongosolo limene eni ake akufuna. Pa makhadi timaikapo nyimbo za eni ake okha. Anyamata amabwera kudzapempha kuti tiwadzazire za oimba otchuka pa mtengo wa ma kwacha ochepa, ndipo timawabweza. Ena pa msika amachita, koma ife timajambula oimba ndipo timaona thukuta lawo. Pa nyimbo zimene timaliza pagulu timalipira laisensi ku ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama za eni nyimbo muno mu Zambia.

Nkhani imene ili pa tebulo pano ndi ya Windows 10, imene Microsoft inasiya kuithandiza mu Okutobala 2025. Kompyuta ya pa shopu siingalandire Windows 11. Ine ndikuganiza zoikamo Linux m'malo mwa Windows, ndi pulogalamu ya nyimbo ya Strawberry m'malo mwa MusicBee, imene ndaiyesa kale pa foda ya makwaya ndipo inawerenga mitu, oimba ndi malo a Genre. Mindandanda yodzipanga yokha ija ndiyenera kuikonzanso, ndipo Inbox ya MusicBee ndidzaisowa. Njira ina n'kugula kompyuta yatsopano, koma alamu akuti ndalama za nyengo ya maukwati ino zipite kaye ku sipika ya besi imene inang'ambika ku Katete.