Kafayilo kamodzi pa flash, sabata yonse yapita

Lolemba ndisanamwe ndi tiyi yemwe abwana anandiitana kuti pali kantchito kakang'ono, ndiye inu amene mumagwira ntchito zathuzi zolemba mapulogalamu a kompyuta mukudziwa kale kuti abwana akati kakang'ono ndiye kuti sabata yako yapita basi. Kasitomala wake ndi bungwe lina la alimi lomwe limagula soya ndi mtedza m'nthambi zake ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa. Amafuna kapulogalamu koti kalaliki azilemba dzina la mlimi ndi makilo, lisiti ituluke, zonse zisungidwe pa kompyuta pomwepo, ndiye netiweki ikapezeka zipite ku likulu kuno ku Lilongwe. Ine mumtima ndinati aaa izi ndi zolemba m'chilankhulo cha Python basi, mawa masana ndathana nazo. Python ndiye yanga, ndimailemba ngakhale ndili ndi tulo.

Ndinalembadi, ndipo pa laptop yanga inkayenda bho kwabasi.

Lachiwiri ndinaimbira amayi ena amene amayang'anira ofesi ya ku Mchinji kuti tiyese. Ndinawafunsa kuti amayi, kompyuta yanuyo ili ndi Windows yanji, iwo akuti "mwanawe ine zimenezo sindizidziwa, koma ikamayaka pamaoneka nambala 7." Ndinangoti zii. Windows 7, yomwe Microsoft anasiya kuisamalira mu January 2020, ndipo ndi imene ili m'nthambi zonse zitatu chifukwa makinawo anagulidwa limodzi kalekale ndipo akugwirabe ntchito, ndiye ungawauze bwanji kuti atayidwe. Vuto lake ndi lakuti Python yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 3.8, pamene ine ndinalembera yatsopano, mpaka ndinagwiritsa lamulo la match lomwe linabwera mu 3.10, kudzionetsa ukatswiri. Ndiye ngakhale ndikanabweza code yonse, ndani akaike Python kumeneko, ndani akapange pip install yokokera zofunikira zake pa intaneti, poti intaneti ya ofesiyo ndi hotspot ya pa foni ya kalaliki, bandulo yake yogula ndi ndalama za m'thumba mwake. Ndinaikamonso pandas, library (code yolembedwa kale ndi ena) yowerengera manambala, pa kantchito kongophatikiza makilo, ndipo pandas simayenda yokha, imakoka library ina ya numpy pambuyo pake ngati mlendo wobwera ndi abale ake onse ku ukwati.

Ndinati chabwino, PyInstaller ilipo, imamanga Python yonse ndi ma library ake mu .exe imodzi, fayilo yomwe pa Windows umangodina n'kutseguka. Madzulo onse ndinathera pa virtual machine (Windows yoyendera mkati mwa laptop yanga) kubweza code ndi kumanga ndi 3.8, n'kutumiza. Amayi aja anadina kawiri kenako ananditumizira chithunzi pa WhatsApp chojambula sikirini, chopendekeka, pakuoneka nkhope yawo pang'ono mu galasi, ndipo uthenga wake ukuti api-ms-win-crt-runtime-l1-1-0.dll is missing. Kameneka ndi kafayilo ka mu Universal C Runtime, kachigawo ka Windows komwe Python kuyambira 3.5 imadalira, Windows 10 imabwera nako kale koma pa 7 pamafunika update ya KB2999226, ndipo updateyo imafunanso Service Pack 1 ikhalepo kaye. Mwaona mzerewo? Pulogalamu yanga ikufuna Python, Python ikufuna runtime, runtime ikufuna update, update ikufuna ina. Ku Kasungu ndiye fayilo sinakhale n'komwe, antivirus inaimeza itangofika, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi ma .exe a PyInstaller chifukwa amadzimasula okha mu temp folder akamatseguka, khalidwe lomwe limafanana ndi la ma virus.

Lachitatu linali tsiku la mkangano mu ofesi. Mnyamata wathu watsopano, wanzeru ndithu, akuti achimwene bwanji osangopanga Electron, ndinamuuza kuti Electron, chida chopangira mapulogalamu a pa kompyuta ngati website, imanyamula browser yonse ya Chromium mkati, ma MB opitirira 100 pa kapulogalamu kolemba makilo a soya, ndipo nayonso inasiya Windows 7 pambuyo pa version 22. Ndinamukumbutsanso za left-pad, mu March 2016, pamene munthu mmodzi anachotsa ka package ka mizere 11 pa npm, nkhokwe ya code ya JavaScript, ndipo ma project akuluakulu padziko lonse anakanika kumangika, iye akuti anali ku pulayimale nthawi imeneyo kkkk ndinamva ukalamba. Madala athu a Java anati JVM, injini yoyendetsa mapulogalamu a Java, imayenda paliponse, zoona, koma paliponse pamene wina waika kaye JRE, phukusi lonyamula JVM-yo, ndipo iwo omwe amakumbukira bwino December 2021 pamene bowo la chitetezo mu library ya Log4j linawagoneka mu ofesi kusakasaka fayilo ya jar iliyonse pa ma server. Wina anatchula Docker, sitinamuyankhe. Abwana anafunsa funso labwino kuposa tonse, bwanji isangokhala website, koma nthawi yogula mbewu mzere wa alimi umafika kumsewu, netiweki ikathawa kwa maola awiri sikelo siingaime kudikira.

Chimene ndinaona tsiku limenelo n'chakuti tonse timakangana za chilankhulo chimene aliyense amachikonda kulemba, palibe amene amafunsa kuti kompyuta ya ku Mchinji ingasenze chani. Ife m'tauni tinazolowera kuti chikasowa umangopanga download, sitiwerenganso kuti pulogalamu yathu ikudalira zinthu zingati zomwe sitinalembe ife.

Ndiye Lachinayi ndinagonja, ndinatsegula Go, chilankhulo china cholembera mapulogalamu. Sindiikonda kwenikweni, ndinene chilungamo, kulemba if err != nil yofufuzira zolakwika pa mizere itatu iliyonse kumandiwawitsa zala, ndipo chimene pandas imachita pa mzere umodzi apa ndinachilemba ndi loop ngati mwana wa chaka choyamba. Koma Go, yomwe anaitulutsa a Google mu 2009, ili ndi chinthu chimodzi chomwe ndimafuna, runtime yake, injini yoyendetsa pulogalamu, imalowa mu fayilo momwemo. Ndili pa Linux yanga ndimangolemba GOOS=windows GOARCH=amd64 go build ndipo .exe yatuluka, yosafuna kuikira china chilichonse. Misampha inalipo iwiri. Woyamba, Go 1.21 kupita m'tsogolo imafuna Windows 10, yomaliza ya Windows 7 ndi 1.20, ndiye ndinabwerera kumeneko. Wachiwiri ndi SQLite, database yosungira zolembedwazo, library yake yotchuka ya mattn imadutsa mu cgo, mlatho wa Go ndi chilankhulo cha C, kutanthauza kuti pafunika C compiler ya Windows, ndiye kuphweka kuja kwatha, ndinasintha n'kutenga ya modernc yomwe ndi Go yokhayokha, nayonso ndinachita kusaka version yakale yogwirizana ndi 1.20. Za maonekedwe sindinavutike, pulogalamu imadzutsa ka server pa kompyuta pomwepo, HTML ya tsamba ndinaikwirira mkati mwa fayilo ndi embed ya Go, kalaliki amangoona ngati tsamba mu browser. HTML yake yachikale dala, chifukwa Chrome ya pa Windows 7 inaimira pa 109. Magetsi anazima cha m'ma 3 koloko, jenereta inalibe mafuta, ndinamalizira kunyumba pa batire ya laptop, koma chosangalatsa n'chakuti go build sinafune intaneti chifukwa ma module ndinali nditawakokera kale mu foda ya vendor pa laptop.

Musaganize kuti ndikulalikira Go, ayi. Walira mvula walira matope. Go amasamalira ma version awiri atsopano okha, ndiye 1.20 yanga sikulandiranso zigamba za chitetezo, ndipo pulogalamuyi imalankhula ndi server yathu pa intaneti. Komanso poti zonse zamangidwa mu fayilo imodzi, tsiku lomwe library ina idzapezeke ndi bowo palibe update ya pa kompyuta imene idzakonze, ndi ineyo kumanganso n'kutumiza ku nthambi iliyonse. Katundu uja sanathe, ndangomuchotsa pamutu pa amayi a ku Mchinji n'kumusenza ndekha. Ndinawauza abwana zimenezi momveka, ndipo ndinapempha kuti mu contract mulembedwe kuti makina akadzasinthidwa tidzamangenso ndi Go yatsopano, iwo anati tiona, mukudziwa tanthauzo lake.

Lachisanu m'mawa dalaivala wa bungwe lija anali ndi ulendo wa ku Mchinji, ndinamupatsa flash, fayilo imodzi yosakwana 20 MB ndi kapepala kolemba pamanja kuti koperani pa Desktop, dinani kawiri. Ndinakhala ndi foni m'manja ngati ndikudikira zotsatira za mayeso. Cha m'ma 11 inalira. "Mwanawe yatseguka, talemba kale alimi asanu ndi mmodzi, lisiti zikutuluka." Ndinatsala pang'ono kuvina pa desiki. Kenako anapitiriza, "koma pansi pa lisiti iliyonse pakulembedwa localhost 8080, ndiye pali abambo ena pano akukana kuchoka, akuti dzina lawo si limenelo, akufuna adziwe kuti ndalama yawo alandira ndi a localhost kapena iwowo."

Ndinaiwala kuti browser imasindikiza adiresi ya tsamba m'munsi mwa pepala. Tinatha mphindi makumi awiri pa foni kusaka ka bokosi ka headers and footers kuti achotse chongacho, mayunitsi anga, ndipo ku Kasungu ndi ku Dowa flash ifika Lolemba.