Vinyo wa masau ndi jekete la abusa

Ena asanaikhotetse nkhaniyi, ndiinene ndekha. Chapa ija, minibasi imene ndinakwera popita ku Tete, sinaphulike, ilipo, ikukwezabe anthu. Chinaphulika ndi projekiti yanga ya chaka chachitatu. Ndipo inu amene mwayamba kunditchula Bomba pa gulu la WhatsApp, ena mwa inu projekiti yanu inali yogati wamba, ndiye chepetsani pakamwa.

Mukudziwa kuti aphunzitsi a Microbiologia ndi a Empreendedorismo, phunziro la bizinesi, anagwirizana zotipatsa ntchito imodzi: upange chinthu pogwiritsa ntchito tizilombo tosaoneka ndi maso, kenako ulembe pulani yochigulitsira. Ine ndinasankha vinyo wa masau. Ku Changara masau ali mbwee, ambiri amangothera mu kachasu, ndiye ndinati tiwapatseko ulemu, alowe m'botolo la lebulo. Azakhali ananditumizira thumba, ndinakafululira kwathu ku Ulónguè, chifukwa eni nyumba anga ku Tete ndi a mpingo woletsa ngakhale thobwa logonera.

Yisiti, amene pa mayeso timamutcha Saccharomyces cerevisiae, amadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya wa CO2. Shuga akatha, thovu limaleka. Langa linaleka, ine n'kulemba mu lipoti kuti kuwira kwatha. Chimene buku limanena monong'ona n'chakuti kuzizira kwa June ku Angónia sikupha yisiti, kumangomugoneka. Densímetro ya ku labu, yoyezera shuga wotsala, ikanandiuza zoona, koma inali ndi gulu lopanga viniga, ndipo anthu amenewo sabweza zinthu.

Kenako mbali ya bizinesi inalowererapo. Pa kafukufuku wa msika, onse amene analawa anati ngowawasa, wonjezera shuga. Tinaphunzitsidwa kuti wogula satsutsidwa, ndiye ndinathira supuni ziwiri m'botolo lililonse n'kumanga chitsekerero. Tinaphunzitsidwanso kuchepetsa zolowa, ndiye m'malo mwa mabotolo olimba a zakumwa za gasi ndinatola a madzi akumwa, opyapyala aja. Taonani, phunziro lililonse ndinalimvera. Masamu ake ndinawapanga pambuyo pake: magalamu 180 a shuga amatulutsa magalamu 88 a CO2, omwe ndi malita pafupifupi 49. Supuni zanga ziwiri, tinene magalamu 25, ndi malita pafupifupi 7 a mpweya m'botolo la theka la lita.

Tsiku lokaonetsa ntchito ndinakwera chapa m'bandakucha. Kondakitala anandikhazika mpando wa kumbuyo kwa dalaivala, chikwama n'kuchiika pa chitunda cha injini. Kumanzere kwanga amayi a dengu la mbatata ya kachewere, kumanja abusa ovala jekete loyera, akupita kukadalitsa ukwati ku Matundo. Titadutsa Mussacama n'kulowa msewu wa N7, phiri likutha, kutentha kwa kuchigwa kunayamba. Madzi akatentha sasunga mpweya, ndipo maenje a mumsewu ankagwedeza zonse. Nditapisa dzanja m'chikwama ndinapeza botolo lauma gwa, matako ake atatupa moti silikanaima patebulo.

Monga munthu wa sayansi, ndinaganiza zotulutsa mpweyawo pang'onopang'ono. Ndinaliika botolo pakati pa miyendo, ndinaliphimba ndi juzi kuti abusa asaone, ndinapotokola chitsekerero pang'ono chabe.

Psssssssss.

Abale, sindinamvepo phokoso lalitali chonchija. Linayamba mwaulemu, kenako linakweza mawu, linapuma, n'kuyambiranso ndi kamluzu. Wailesi ya dalaivala inasankha nthawi yomweyo kuti itaye siteshoni. Chapa yonse zii, kungomveka ine. Maso anga ali kutsogolo, manja ali pansi pa juzi, nkhope ya munthu amene akulimbana ndi chinachake. Amayi a mbatata anayamba kusendeza dengu lawo. Mwana wina kumbuyo anafunsa mokweza kuti, "Amama, achimwenewa akuphwisa?" Amake anam'tsina, koma osatsutsa. Fungo litafika, la masau owola osakanikirana ndi buledi wosapsa, agogo ena anatsegula windo n'kunena modandaula kuti, "Mwanawe, m'mimba motere sasekerera, upite kuchipatala." Ndikanatha kufotokoza. Koma kunena kuti ndi mowa, 8 koloko isanakwane, pambali pa abusa? Ndinasankha matenda. Ndinati, "Zikomo agogo, ndipita," phokoso likupitirirabe. Abusa anandigwira paphewa n'kuyamba kundipempherera chapansipansi, ndipo ndikukhulupirira kuti pempherolo linali lalitali bwino, koma botolo linawaposa.

Ndili kalikiliki ndi limodzi, anzake anali pa injini akupsa mtima. Tikulowa mu Moatize, phuu! Dalaivala anaponda buleki poganiza kuti tayala lapita. Lachiwiri phuu! Amayi a mbatata anagwera pansi akuitana mayina a ana awo onse motsatana, woyamba mpaka chitsirizira. Zipi ya chikwama inang'ambika, thovu lofiirira linakwera kudenga n'kubwerera ngati mvula ya chizimalupsa, ndipo yambiri inasankha jekete loyera lija. Abusa anakhala duu, vinyo akudontha kuchokera pa magalasi. Ananyambita mlomo, mwangozi ndithu, n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, matenda aja ndi amenewa?"

Agogo aja anakwiya kuposa onse, ati ndinawabera chisoni chawo.

Ndinalipira yochapira chapa ndi jekete, ndalama yoposa phindu la mwezi woyamba la mu pulani yanga. Ndinafika m'kalasi mochedwa, ndikununkha bawo, n'kuima kutsogolo ndi lebulo yonyowa m'manja. Ndinafotokoza molimba mtima kuti botolo ndi mametikali 150, zolowa 90, zolipira zosasintha 6,000, choncho ndikagulitsa mabotolo 100 ndafika poti sindiluza sindipindula. Aphunzitsi a bizinesi anatsegula tsamba la FOFA, la mphamvu, mwayi, zofooka ndi ziopsezo za bizinesi, pa gawo la ziopsezo, n'kuwerenga mokweza zimene ndinalemba: mpikisano wa ophika kachasu ndi kukwera mtengo kwa shuga. Anafunsa ngati palibe choopsa china chimene ndachizindikira posachedwapa. A Microbiologia anangoti yisiti wanga ndi wathanzi kuposa wa aliyense m'kalasimo, ndipo mawu amenewo ndikufuna alembedwe penapake.

Anandipatsa 11 pa 20. Wa yogati anapeza 16, pa chinthu chimene mkaka umachita wokha ukauiwala padzuwa.

Mabotolo ena ndinawasiya kwathu, pansi pa bedi la mng'ono wanga. Ndamuimbira kangapo kuyambira m'mawa, sakuyankha, mwina ndi netiweki.