Impala yanga yadzutsa mphuno koyamba

Loweruka madzulo ndinakankha switchi, mphuno ya Chevrolet Impala yanga ya 1964 n'kudzuka yokha. Miyezi isanu ndakhala ndikugona pansi pa galimotoyi m'galaja muno mu Johannesburg, kuiika mapampu a oilo oti aziikweza ndi kuitsitsa, ndiye musandiseke kuti ndinakuwa ngati mwana.

Koma ntchito yambiri sinali pa mapampu ayi, inali pa chesisi, chimango cha chitsulo chomwe chimanyamula galimoto yonse. Ma Impala a 1958 mpaka 1964 ali ndi chesisi chopingasa ngati X, chopanda zitsulo za m'mbali. Ukachikankha ndi mphamvu ya oilo chisanalimbitsidwe, chimapindika, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Choncho ndinawotcherera malata a 5 mm pomwe pamakhala masipuling'i a kutsogolo ndi pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo. Powotcherera ndimachita pang'onopang'ono, uku pang'ono uko pang'ono, kuti chitsulo chisakhote ndi kutentha. Dzimbiri lomwe ndinapeza pansi pa buti, abale, linadzaza chidebe cha penti.

Chomwe chinandiwawa mtima ndi kuboola. Silinda ya mainchesi 8, yomwe imakankhidwa ndi oilo n'kukweza galimoto, imafunika kudutsa pamwamba pa sipuling'i, ndiye umadula dzenje pa chitsulo chomwe chakhala chathunthu kuyambira 1964. Ndinayeza kanayi, n'kupita kukamwa tiyi, n'kudzayezanso. Mashoko a kutsogolo achoka, alibenso malo.

M'buti tsopano muli mapampu awiri ndi mabatire asanu ndi limodzi, atatu pa pampu iliyonse, olumikizidwa motsatizana kuti apereke 36V ku mota ya 12V. N'chifukwa chake switchi sugwira nthawi yaitali, umangoigunda n'kusiya. Mnzanga wina amandinena kuti ndine wamantha, akuti ndiike 48V. Ine sindikufuna kudumphitsa galimoto, ndikungofuna kuwoloka mahampu osasiya ekizozi pamsewu. Ngakhale anyamata a ku Los Angeles anayamba choncho: California italetsa magalimoto otsika kwambiri mu 1958, iwo anatenga mapampu a ndege zakale kuti azikweza galimoto akaona apolisi.

Chisangalalo chija sichinakhalitse. Nditagunda kachitatu, solenoid imodzi (kachipangizo kolumikiza ndi kudula moto wopita ku pampu) inamatirira, pampu n'kumangolira osaleka, fungo la waya wopsa n'kuyamba kumveka. Mwayi wake ndinali nditaika cholumikizira chosolola msanga pa waya wa ethi, cholendewera kunja kwa buti. Ndinathamanga n'kuchizula. Cholakwa ndi changa: batire imodzi inali yosatchajidwa mokwanira, ndipo moto ukachepa ndi pomwe solenoid imapsa mkati n'kugwirana.

Potsika nayo ikugwa mwamphamvu, mpaka bampala kutsala pang'ono kupsompsona simenti. Valavu yochedwetsa oilo ndiitseka pang'ono. Kumbuyo masilinda a mainchesi 10 akadali m'katoni, ndipo paipi imodzi ikudontha polumikizira. Ma solenoid atsopano afika Lachinayi, chozimitsira moto ndagula kale.