Loweruka ndi Forester, m'mawa m'tauni masana m'matope

Ndadzuka 5 koloko mvula itagwa usiku wonse, ndipo ndimadziwiratu kuti lero galimoto igwira ntchito ziwiri. Yanga ndi Subaru Forester ya 2014, ya petulo, injini ya malita 2.0, si yaikulu ngati ma Land Cruiser aja koma si saluninso ayi, ili pakatikati.

M'mawa kunali kukagula zinthu m'tauni ndi mayi a ana. Jamu inali yoopsa, kuyenda pang'ono kuima, kuyenda pang'ono kuima, apa ndi pamene ndimayamikira giya ya otomatiki chifukwa mwendo wamanzere umangopuma. Koma petulo pa jamu ndiye amapita ndithu, nambala ya pa dashibodi yosonyeza kadyedwe ka mafuta ndimangoiona ikukwera, galimoto yokoka mawilo onse anayi imakhala yolemerako ndiye izi ndinazivomera kale pogula. Popaka sindinavutike, malo omwe pikapu ina inalephera kulowa ine ndinalowa kamodzi, komanso umakhala pamwamba ndipo magalasi ake ndi aakulu, munthu wodutsa kumbuyo umamuona bwinobwino.

Cha m'ma 11 ndinakatenga alamu anga kuti tipite kuphiri kukagona kumeneko. Mipando yakumbuyo imapindika mbali ziwiri, 60/40, ndiye tinagwetsa mbali yaikuluyo n'kulowetsa tenti, matiresi awiri, zigubu za madzi, njinga ya mwana titachotsa wilo lakutsogolo, ndipo mwanayo anakhalabe pampando wake lamba atamanga. Chimenechi ndi chimene chinandikopa pa galimoto za mtundu uwu.

Phula litatha tinalowa msewu wafumbi umene mvula inausandutsa matope okhaokha, mizere ikuluikulu yosiyidwa ndi malole. Alamu anayamba kugwira chitseko, akuti "Alamu, apa sitigunda pansi?" Ndinawauza kuti musadandaule, kuchoka pansi kufika pamimba pa galimotoyi pali mamilimita 220, saluni zambiri zimathera cha m'ma 150. Ndinachepetsa liwiro n'kudina batani la X-Mode, limagwira ukamayenda pang'onopang'ono ndipo ukapitirira 40 km pa ola limazima lokha. Zimene limachita n'zakuti wilo limodzi likayamba kuzungulira pachabe, kompyuta imaligwira buleki mphamvu n'kupita ku mawilo amene agwira nthaka, umamva kuti gurugudu gurugudu pansipa kenako galimoto n'kutuluka yokha. Potsetsereka napo sindinaponde buleki, inkadziletsa yokha ine n'kumangowongola.

Koma pamtsinje wina ndinaima. Madzi anali ofiira, akuthamanga, pansi osaoneka. Alamu ankati tiyeni tingodutsa, ine ndinakana, chifukwa injini ikangomwa madzi kudzera polowera mpweya ndiye yatha basi, ndipo galimoto ngati iyi ilibe giya ya low range, ija yopatsa galimoto mphamvu zambiri poyenda pang'onopang'ono m'malo ovuta, komanso thupi lake ndi chasisi ndi chinthu chimodzi monga saluni, n'chifukwa chake pa phula imayenda mofewa chonchi, siinapangidwe kuti izilimbana ndi mitsinje. Tinabwerera n'kuzungulira njira ya pamlatho, ola lathunthu linapita koma mtima wanga unali m'malo.

Chimene ndaona lero n'chakuti matayala anga ndi amene akundibweza m'mbuyo. Ndi a pa phula, mizere yake ikadzadza matope amangokhala ngati sopo, kawiri konse kumbuyo kunagwedezeka. Ndikuganiza zoika a all-terrain, oyenda pa phula ndi m'matope momwe, ngakhale amalira pa liwiro komanso amadyako mafuta.

Panopa ndikulemba izi nditakhala pa buti chitseko chili chotsekula, mwana wagona kale mu tenti, thanki ya malita 60 ija ikadali kupitirira theka. Mawa ndisananyamuke ndiyang'ane kaye pansi ngati mulibe timitengo takodwa, ndipo tikafika ndikatsukitse matope a m'mawilo asanaume.