Phazi la nkhuku pa mfuti ya agogo

Tikuphwasula denga la nyumba ya malemu agogo kwathu ku Mkanda, mu udzu munagwa mfuti yokulunga m'chiguduli. Tonse tinaizindikira. Ndi ija ankati anabwera nayo kuchokera ku Burma ali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda), mfuti yomwe ati inapha mkango pa njira ya ku boma, Mchinji ikadali Fort Manning.

Nditaipukuta ndi palafini, pachitsulo panatuluka chisoti chachifumu, zilembo G.R., BSA Co., chaka cha 1917, penanso DP. Koma chomwe chinautsa mudzi ndi timizere titatu tokumana nsonga. Azakhali atangotiona anadumphira kumbuyo.

"Phazi la nkhuku ilo! Mfutiyi njokhwimira. Iwe waigwira ndi manja, mvula ya chaka chino suiona."

Ine ndine wa kwaya kumpingo, zoterezi ndimaziseka. Koma usiku umenewo mkono unachita dzanzi. Kunja kusanayere, mbuzi yanga ya bere inali kale pa njinga, ulendo wa kwa sing'anga. Ananditemera mphini mikono yonse, nkundimwetsa chowawa chomwe chinandithamangitsa kuthengo mpaka Lamulungu.

Mbiri itafika pa Kamwendo, kunabwera mkulu wina amene anapuma usilikali. Anavala magalasi, nkuitembenuza kawiri.

"Mwana wanga, iyi ndi Lee-Enfield, ya 303. G.R. ndi Mfumu George V, BSA ndi fakitale ya ku Birmingham. Phazi la nkhuku lakoli ndi muvi, chidindo cha boma la Britain. Ankachidinda pa katundu wa asilikali, mfuti, mabokosi, ngakhale malamba."

"Nanga DP, bambo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Drill Purpose. Mfuti yotha ntchito, yongoguba nayo pa perete. Kuombera nkoletsedwa, itha kukuphulikira kumaso. Mkango wanuwo mwina unafa ndi ukalamba."

Azakhali sanamuyankhulenso, ngakhale madzi akumwa sanamupatse.

Poti laisensi ndinalibe, mfuti ndinakaipereka kupolisi nditaikulunga mu mphasa, anthu m'njira akuvula zipewa poyesa ndanyamula maliro. Pobwerera ndinadzera kwa sing'anga kukaitanitsa mbuzi yanga. Anandimvetsera bwinobwino akusenda chinangwa.

"Achimwene, mkono uja ukuchitabe dzanzi?"

"Ayi."

"Ndiye mukufunanso chiyani?"

Mbuzi yanga inali pomwepo kuseri kwa nkhokwe yake, ikuyamwitsa mapasa.