Pomwe ndafika ndi mayeso a ma transaction pa kapulogalamu ka banki m'khonde

Kapulogalamu kanga kosungira zolemba za banki m'khonde kafika pa gawo la ngongole. Membala akatenga ngongole, mu database mumachitika zinthu zitatu: ndalama zimachoka m'thumba la gulu, ngongole imalembedwa pa dzina lake, kenako mzere umawonjezedwa m'kaundula wa msungichuma. Zitatuzi zichitike zonse, apo ayi pasachitike chilichonse. Kapulogalamuka ndikukalemba ndi Django, chida cha Python chopangira mapulogalamu a pa intaneti, ndipo zitatuzi ndazikulunga mu transaction.atomic, yomwe imazimanga kukhala transaction imodzi ndipo inabwera ndi Django 1.6 mu 2013. Kulemba gawo limeneli sikunatenge nthawi. Ntchito yagona pa kuyesa.

Mayeso oyamba anali osavuta. Ndimapangitsa dala kuti sitepe yachitatu ilephere, ndiye ndimaona ngati thumba labwerera pamene linali. Pa izi TestCase, kalasi ya Django yolembera mayeso, imakwanira ndithu.

Koma TestCase ili ndi khalidwe lomwe aliyense woyesa ma transaction ayenera kulidziwa. Imakulunga mayeso anu m'ma atomic awiri, wina wa kalasi yonse, wina wa yeso lililonse, ndipo pomaliza imafafaniza zonse ndi rollback. N'chifukwa chake imathamanga. Koma zikutanthauzanso kuti commit yeniyeni, kutanthauza kusunga zosinthazo mu database mokhazikika, sichitika ngakhale kamodzi, ndipo atomic yanu ija imangosanduka savepoint, kachizindikiro kobwererapo chabe, mkati mwa transaction ya TestCase. Zili ngati kuyesa denga ngati likudontha m'nyengo ya chilimwe.

Apa ndi pomwe SMS inandipatsa ntchito. Ngongole ikavomerezedwa, membala amalandira uthenga, ndipo uthengawo suyenera kupita pokhapokha zonse zitalembedwa. Munthu asalandire SMS yoti wapatsidwa ndalama pomwe m'mabuku mulibe kanthu, chifukwa pa gulu mkangano umayambira pamenepo. Ndagwiritsa ntchito transaction.on_commit, ya mu Django 1.9, yomwe imadikira commit isanayendetse ntchito yomwe waipatsa. Mkati mwa TestCase, popeza commit kulibe, uthengawo sutumizidwa. Mwayi wake, kuyambira Django 3.2 ya mu 2021 pali captureOnCommitCallbacks. Ukaipatsa execute=True imasonkhanitsa zonse zodikira commit n'kuziyendetsa. Pano ndili ndi mayeso awiri: ngongole ikadutsa, uthenga umodzi, ikalephera, mndandanda ukhale wopanda kanthu.

Gawo lomwe landisangalatsa kwambiri ndi la anthu awiri olemba nthawi imodzi. Tiyerekeze m'thumba muli K50,000. Mlembi ali pa foni yake akulembera mayi wina ngongole ya K40,000, msungichuma nayenso pa yake akulembera wina K40,000. Onse awiri akawerenga thumba lisanasinthe, aliyense amaona K50,000, amati zikwana, n'kulemba kuti mwatsala K10,000. Gulu labwereketsa K80,000 kuchokera m'thumba la K50,000, koma mabuku akuoneka oyera. Atomic payokha siiletsa zimenezi, chifukwa PostgreSQL, database yomwe ndikugwiritsa ntchito, ukapanda kuisintha imayenda pa READ COMMITTED, pomwe aliyense amangoona zomwe mnzake wamaliza kale kusunga. Pamafunika kutseka mzere wa thumbawo ndi select_for_update, kuti wachiwiri adikire woyamba amalize.

Kuti ndiziwone ndi maso, ndinasamukira ku TransactionTestCase, yomwe imachita commit yeniyeni. Ndimayambitsa ma thread awiri, ntchito ziwiri zoyenda nthawi imodzi ngati mlembi ndi msungichuma aja, ndipo threading.Barrier imawagwira mpaka onse afike pakhomo, kenako imawamasula limodzi. Pakati pa kuwerenga thumba ndi kulemba ndimaikapo kakuchedwa pang'ono kudzera mu mock, kodi yongoyerekezera ya m'mayeso, kuti agundane nthawi zonse, osati mwamwayi. Ndikachotsa select_for_update, yeso limagwa: ngongole ziwiri, thumba K10,000. Ndikaibwezera, ngongole imodzi imadutsa, inayo imakanidwa kuti ndalama sizikukwana. Ndimaona kuti yeso lotere uyenera kuliona likugwa kaye usanalikhulupirire, ndipo ndimachita zimenezi ndikasintha chilichonse pafupi ndi loko ameneyu.

Kanthu kena kakang'ono: thread iliyonse mu Django imatsegula kulumikizana kwakekwake ndi database, choncho pomaliza iyenera kuitana connection.close. Ikapanda kutero, PostgreSQL imakana kufufuta database ya mayeso, imati ena akuigwiritsabe ntchito.

Database ina ya SQLite ndaisiya pa mayeso amenewa. Ndimaikonda chifukwa siifuna seva, koma pa iyo select_for_update sichita chilichonse, Django imangoilumpha mwakachetechete. TestCase nayo imabisa vuto lina. Ukaitana select_for_update kunja kwa atomic pa PostgreSQL, Django imaponya TransactionManagementError, koma mkati mwa TestCase zimadutsa bwinobwino chifukwa transaction ilipo kale. Ungaiwale atomic m'kodi yako, mayeso onse n'kudutsa, vuto n'kudzaonekera pa seva anthu akulemba ngongole zenizeni. Tsopano PostgreSQL ndimaiyendetsa mu Docker pa laputopu, yofanana ndi yomwe idzakhale pa seva.

Mtengo wake ulipo. TransactionTestCase imakhuthula matebulo onse yeso lililonse likatha, ndiye imachedwa, komanso imachotsa zomwe ma migration, mafayilo okonza matebulo a database, anaikamo. Ine ndinali ndi mitundu ya ngongole yomwe migration imaika, ndipo m'malo modalira serialized_rollback, yomwe imazibwezeretsa koma imachedwetsanso, ndimangoipanganso mu setUp. Ndasiya mu kalasi yochedwayi mayeso okhudza loko okha, ena onse ali mu TestCase.

Ndawonjezanso CheckConstraint yoletsa thumba kutsika pansi pa ziro, kuti ngakhale kodi ya mtsogolo idzaiwale loko, database ikane yokha ndalama zosakhalapo. Komabe vuto la K10,000 lija silingagwidwe nayo, popeza nambalayo ili pamwamba pa ziro, choncho loko akufunikabe.

Chotsatira ndi kubweza ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja. Kumeneko ndidzatseka mizere iwiri, wa thumba ndi wa ngongole, ndipo ndikufuna yeso loonetsa deadlock, pomwe aliyense amangodikira mnzake, ma thread awiri akaitseka mosemphana, ndisanakhazikitse lamulo loti thumba lizitsekedwa poyamba nthawi zonse.